Chidole cholemera sichilemeretsa mwini wake

M'masitolo ogulitsa zidole za anthu akuluakulu, kaya ku Hong Kong, ku London kapena ku Johannesburg, si zachilendo kupeza zidole ziwiri za msinkhu wofanana, zopangidwa ndi kampani imodzi, koma mitengo yake itatalikirana ndi madola 100 kapena kuposerapo. Kawirikawiri chimene chimasiyanitsa ziwirizo ndi liwu limodzi lolembedwa pabokosi, lakuti diecast. Liwuli limauza wogula kuti ziwalo zina za chidolecho ndi zachitsulo, ndipo akachinyamula, dzanja limavomereza msanga kuti lagwira chinthu chenicheni. Funso limene lakhala likugawanitsa anthu okonda kusonkhanitsa zidolezi ndi lakuti, kodi chitsulocho chikuyenerana ndi ndalama zoonjezerazo? Yankho lake ndi ili: chimayenerana nazo pamene chaikidwa pamalo pogwira ntchito, m'chidole cha chinthu chimene m'nthano yake chidali kale chachitsulo. Kupatula pamenepo, wogula amalipirira kulemera chabe. Ndipo amene akugula ndi chiyembekezo chodzagulitsa mopindula ndiye ali pangozi yaikulu kuposa onse.

Poyamba m'pofunika kumvana za chinthu chimene chikukambidwachi, popeza liwu lakuti chidole limakumbutsa ambiri za mwana wamng'ono ndi masanje. Zidole zimenezi ndi zifanizo za ngwazi za m'mafilimu ndi m'makatuni, zokhala ndi ziwalo zopindika m'mawondo, m'zigongono, m'mapewa ndi m'khosi, kotero kuti mwini wake angathe kuziimika mmene akufunira. M'Chingerezi zimatchedwa action figure, dzina limene kampani ya Hasbro ya ku America idayambitsa mu 1964 potulutsa msilikali wotchedwa G.I. Joe, poopa kuti anyamata sangakhudze chinthu chotchulidwa ndi dzina la zidole za atsikana. Chichewa sichidavutike ndi kusiyanitsa kumeneko. Zonse ndi zidole basi. Komabe zodula za masiku ano sizipangidwira ana. Mabokosi ambiri ochokera ku Japan amalembedwa kuti n'za anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo ogula enieni ndi amuna ndi akazi olandira malipiro pakutha pa mwezi.

Liwu lakuti diecast limatchula kapangidwe. Aliyense amene adaonapo woumba njerwa akuponya dothi m'chikombole wamvetsa kale theka la nkhaniyi. Kusiyana kwake n'kwakuti chikombole ichi ndi cha chitsulo cholimba, ndipo m'malo mwa dothi, makina amakankhiramo mwamphamvu chitsulo chosungunuka, chimene chimalowa m'timizere tonse n'kuuma m'kanthawi kochepa. Chitsulo chogwiritsidwa ntchitocho ndi chosakaniza, chotchedwa zamak. Gawo lake lalikulu ndi zinki, magawo 4 pa 100 aliwonse ndi aluminiyamu, ndiye mumakhalanso magineziyamu ndi mkuwa pang'ono. Dzinali lidatengedwa ku zilembo zoyamba za mayina a zitsulo zinayizo m'Chijeremani, ndipo kampani ya New Jersey Zinc ndiyo idayambitsa kasakanizidweka mu 1929. Chimasungunuka pa madigiri osakwana 400, pamene chitsulo chosulira makasu chimafuna oposa 1,300. Pa kukula kofanana, chimalemera pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa pulasitiki wolimba wa mtundu wa ABS amene zidole zambiri zimapangidwira.

Mfundo yoyamba imene wogula ayenera kuisunga ndi yakuti chitsulo chimenechi n'chotchipa. Mbiri yake m'zoseweretsa idayambira pa zinthu za mtengo wotsika. Timagalimoto ta Dinky Toys, timene kampani ya Meccano idayamba kupanga ku Liverpool mu 1934, ta Matchbox timene tidatuluka mu 1953, ta Corgi ta mu 1956 ndi ta Hot Wheels ta mu 1968, tonseti tidaumbidwa ndi chitsulo chomwechi, ndipo tidapangidwira ana. Mpaka lero kagalimoto wamba ka Hot Wheels ku America sikafika madola awiri. Pamsika wa zitsulo wa London Metal Exchange, mtengo wa zinki sunapitirirepo madola 5 pa kilogalamu, ngakhale mu 2022 pamene udakwera kwambiri. Izi zikutanthauza kuti chidole chimene muli theka la kilogalamu ya chitsulo chanyamula zinki wa madola osaposa awiri ndi theka. Choncho chidole cha Iron Man cha kampani ya Hot Toys, chotalika masentimita 30 ndi pang'ono, chikamagulitsidwa pafupifupi madola 400 pamene zinzake zansalu ndi pulasitiki zili pakati pa madola 250 ndi 300, kusiyanako sikungakhale mtengo wa chitsulo.

Nanga ndalamazo zimapita kuti? Gawo lina limapita ku ntchito yeniyeni. Chiwalo chikatuluka m'chikombole chimakhala ndi zotsalira zakuthwa m'mphepete, zofunika kuzipala ndi kuzisalaza. Pulasitiki angathe kuumbidwa ali kale ndi mtundu wake, koma zamak ndi wotuwa, motero amafuna utoto woyambira wogwira pachitsulo, kenako utoto wa mtundu wofunikawo, kenako wina wonyezimiritsa pamwamba, ndipo yambiri mwa ntchito imeneyi imachitidwa ndi manja. Chitsulo sichilola kupanikizidwa kuti chilowe mwa chinzake monga achitira pulasitiki, choncho ziwalo zimamangidwa ndi timisomali topotera, kamodzikamodzi. Kuonjezera apo, zidole zimene zimalandira chitsulo nthawi zambiri ndi zomwezo zokhala ndi ziwalo zambirimbiri, zitseko zotseguka ndi timagetsi m'maso ndi pachifuwa. Mbali ina ya mtengo woonjezerawo, tsono, ndi ya kuchuluka kwa ziwalo, ndipo ikadakhalapobe chidolecho chikadakhala chapulasitiki. Ndalama zolipira eni filimu, monga Marvel ndi Disney, nazonso zimakweza mtengo, koma zimakhudza zidole zonse mofanana, choncho sizifotokoza kusiyanako.

Gawo lina limapita ku chinthu chimene sichiyezedwa pasikelo, ndicho kupukwa ubwana. Mu 1972 wojambula wa ku Japan, Go Nagai, adatulutsa nthano ya Mazinger Z, chimphona cha makina chopangidwa ndi chitsulo chongopeka chotchedwa Chogokin Z. Mu 1974 kampani ya Popy, nthambi ya Bandai, idatulutsa chidole chake cha diecast n'kuchitcha Chogokin. Mwana akachinyamula, cholemera ndi chozizira m'manja, ankakhulupirira kuti wagwira chidutswa cha chitsulo chodabwitsacho. Ana amenewo adakula, adayamba ntchito, ndipo mu 1997 Bandai idawakumbukira ndi mndandanda watsopano wotchedwa Soul of Chogokin, kuyambira pa Mazinger Z yemweyo, koma pa mtengo wa munthu wamkulu. Zofananazo zidachitika ndi Transformers. Zidole zoyamba za mu 1984 zidali ndi ziwalo zachitsulo, pasanathe zaka zambiri chitsulocho chidachepa, ndipo pamene Takara idatulutsa Optimus Prime wamkulu wa mndandanda wa Masterpiece mu 2003, idabwezeramo chitsulo chambiri. Makampani adaphunzira kuti munthu wa zaka makumi anayi amalipira bwino akamva m'dzanja lake kulemera kumene adakumva ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti chitsulo m'chidole ndi nyambo chabe. Pali ntchito zimene chimagwira bwino kuposa pulasitiki. Chidole cha loboti wonyamula mapiko kapena mfuti zazikulu kumsana chimakokedwera chagada, koma chikakhala ndi mapazi ndi miyendo yachitsulo, kulemera kumatsikira pansi ndipo chimaima chilili popanda chochirikiza. Bondo lapulasitiki likapindidwa kambirimbiri limaperepeseka kapena kung'aluka, pamene lachitsulo limapirira. N'chifukwa chake zidole za Metal Build, zimene Bandai idayamba kutulutsa mu 2011, zimaika chitsulo chochuluka m'mafupa a m'kati n'kuveka pulasitiki kunja, monga mmene womanga nyumba amabisira zitsulo m'konkire. Palinso nkhani ya ukalamba. Pulasitiki wofewa wa PVC amatulutsa mankhwala omufewetsa pakapita zaka, chidole n'kuyamba kunanda m'manja. Wa ABS woyera amasanduka wachikasu akaombedwa ndi dzuwa. Okonda Transformers amadziwa bwino za pulasitiki wina wa maonekedwe agolide amene amafumbutuka yekha ngakhale chidole chili m'bokosi. Zamak woyengeka bwino sachita zimenezi, ndipo sagwira dzimbiri lofiira ngati khasu losiyidwa kumunda.

Chinanso chokomera chitsulo ndi kufanana ndi chinthu chimene chidolecho chikuimira. Iron Man wa m'filimu amavala zida zachitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mazinger Z ndi Voltron ndi makina okhaokha. Utoto wofiira ndi wagolide ukapakidwa pachitsulo chosalazidwa bwino umawala ngati wa galimoto yatsopano, ndipo kuzizira kwake m'dzanja kumagwirizana ndi zimene diso likuona. Pa zidole zoterezi mtengo woonjezera uli ndi chifukwa chomveka, ndipo munthu amene wasankha kugula chimodzi chotere m'malo mwa ziwiri zapulasitiki sanalakwe. Koma Spider-Man amavala nsalu yothina, ndipo luso lake lonse lagona pa kupepuka. Msilikali, wapolisi kapena mfumu ya m'filimu ndi munthu wa mnofu ndi mafupa. Chitsulo m'thupi la woteroyo sichionjezera kufanana kulikonse. Chimangokweza mtengo ndi kulemetsa bokosi.

Tsopano mbali inayo, imene otsatsa malonda saitchula. Utoto sugwira pachitsulo molimba monga ugwirira papulasitiki. Paliponse pamene ziwalo ziwiri zopentedwa zikhudzana, monga ntchafu ndi chiuno kapena phewa ndi chifuwa, utoto umasupuka n'kusiya chipsera chotuwa. Pulasitiki woumbidwa wofiira akakandika amakhalabe wofiira, koma chitsulo chimaulula bala lililonse. Zotsatira zake n'zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi: munthu amalipirira mawondo olimba, kenako n'kuleka kuwapinda poopa kuwononga utoto, chidole chopangidwira kusuntha n'kusanduka chiboliboli. Kulemerako nakonso kuli ndi mlandu wake. Mkono wachitsulo wolendewera paphewa lapulasitiki umalifooketsa pang'onopang'ono mpaka udzayamba kugwa wokha. Ndipo tsiku limene mphaka kapena mwana adzagwedeza kabati, chidole chopepuka chidzagwa n'kudunda, pamene cholemera chidzathyola zala zake zomwe, kuswa galasi la shelefu ndi kuphwanya chinzake chimene chidali m'munsi.

M'pofunikanso kudziwa kuti chidole cha diecast sichikhala chachitsulo chonse. Manja, nkhope ndi zida zambiri ndi pulasitiki. M'khosi ndi pamimba nthawi zina mumakhala labala. M'kati muli mawaya ndi timabatire tating'ono. Labala amauma n'kung'ambika, chikopa chochita kupanga chimasendeka, ndipo batire loiwalidwa limatulutsa madzi owononga mawaya. Denga limadontha pamene udzu wapyapyala, ngakhale mitengo yake ikhale ya mlombwa. Moyo wa chidole nawonso umathera pa chiwalo chofooka koposa. Vuto lina n'lakuti liwu lapabokosi lija silinena kuchuluka kwa chitsulo. Chidole chokhala ndi mafupa onse achitsulo ndi china chokhala ndi mapazi awiri okha achitsulo zimaloledwa kuvala dzina limodzi. Akale adachenjeza za chikomekome cha mkuyu. Wogula amene wakhutira ndi liwu limodzi lapabokosi osafufuza kumene chitsulo chaikidwa, ameneyo walawa mkuyu asanaung'ambe.

Ngakhale chitsulo chenichenicho chili ndi nthenda yake. Zinki akasakanikirana ndi mtovu, ngakhale wochepetsetsa, chitsulo chimayamba kufufuma ndi kung'aluka kuchokera m'kati pakapita zaka, mpaka kunyenyeka. Chinyezi chimafulumizitsa nthendayi, ndipo ikayamba palibe mankhwala oiletsa. Timagalimoto tambiri ta Dinky topangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe tidatha motere. Makampani odziwika masiku ano amagwiritsa ntchito zinki woyengedwa bwino, koma palibe amene angalumbire za opanga zidole zachinyengo zimene zadzaza misika ya pa intaneti. Apa nkhani ikupitirira chidole, chifukwa mtovu ndi poizoni. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki udatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe ana, safunika kuuzidwa zimenezi. Mu 2007 kampani ya Mattel idaitanitsa timagalimoto ta diecast ta Sarge, wa m'filimu ya Cars, chifukwa utoto wake udapezeka ndi mtovu wochuluka. Ngati zotere zidachitikira kampani yaikulu yokhala ndi oyendera ntchito, chidole cholemera chotchipa chosadziwika kumene chidachokera sichiyenera kusiyidwa pamene mwana wokwawa angachifikire, ndipo timabatire take n'toopsa koposa akatimeza.

Mbiri ya Gundam ikuphunzitsa chimene ogula amafunadi akapatsidwa mwayi wosankha. Katuniyo itayamba kuulutsidwa ku Japan mu 1979, kampani ya Clover, imene idaikapo ndalama, idatulutsa zidole za diecast zolemera ndi zonyezimira, koma zosafanana kwenikweni ndi zimene anthu ankaona pa wailesi yakanema. Malonda sadayende monga ankayembekezera, ndipo katuniyo idafupikitsidwa n'kuthera pa zigawo 43. Mu 1980 Bandai idatulutsa zidole zapulasitiki zoti wogula amange yekha, pa mtengo wa mayeni 300. Zidali zopepuka ngati chigoba cha dzira, koma zinkafanana ndi loboti wa m'katuni. Zidagulidwa modabwitsa, ndipo malonda amenewo, otchedwa Gunpla, akupitirira mpaka lero, pamene Clover idagwa mu 1983. Chitsulo chidadzabwerera ku Gundam pambuyo pake, koma chidabwera ngati mafupa othandiza chifanizo cholondola. Chimene chidapambana mu 1980 ndi luso la mmisiri woumba maonekedwe, ndipo lusolo ndilo liyenera kuyang'anidwa poyamba pa chidole chilichonse.

Bodza lalikulu koposa pa nkhani imeneyi ndi lakuti chidole chachitsulo ndi nkhokwe ya chuma. Mu Meyi 2024 chidole cha Boba Fett wa m'filimu ya Star Wars chidagulitsidwa pa okushoni ya Heritage Auctions pa madola 525,000, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho china chofanana nacho chidafika madola 1,342,000 pa okushoni ya Goldin. Nkhani zoterezi ndizo zimachititsa anthu kuganiza kuti kabati yawo ndi banki. Koma zidole ziwirizi n'zapulasitiki, zotalika masentimita osakwana 10. Mtengo wake udachokera ku kusowa. Kampani ya Kenner idakonza mu 1979 kuti chidolecho chiziwombera kamuvi kuchokera kumsana, koma mwana wina atamwalira chifukwa chotsamwidwa ndi kamuvi ka choseweretsa cha kampani ina, maganizowo adasiyidwa, ndipo zidatsala ndi zoyeserera zochepa zokha zimene sizidalowepo m'sitolo. Zidole zina zakale zimakweranso mtengo chifukwa ana adazisewera mpaka kuziwononga, n'kutaya mabokosi. Lero wogula aliyense wamkulu amasunga bokosi, mapepala ndi risiti. Chinthu chimene anthu zikwi zambiri akusunga mosamala sichingadzasowe.

Kuonjezera apo, amene ali ndi chikombole ndiye ali ndi mphamvu pa mtengo. Chidole chikayamba kukwera pamsika wa zogulitsanso, kampani imaona kuti ofuna alipo, n'kuchitulutsanso chokonzedwa bwino kuposa poyamba. Mazinger Z watuluka kangapo m'mndandanda wa Soul of Chogokin kuyambira 1997. Iron Man Mark III wa Hot Toys adatuluka poyamba wapulasitiki, kenako wa diecast, kenakonso wa diecast wokonzedwanso. Chatsopano chikalengezedwa, eni chakale amathamangira kugulitsa nthawi imodzi, mtengo n'kutsika. Misika ina ya zosonkhanitsa idaonetsa kale mathero ake. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu ambiri ku America adaika ndalama zawo m'tizidole tansalu ta Beanie Babies, ndipo msikawo utagwa adatsala ndi mabokosi a katundu wopanda womufuna. Mu 2023 kampani ya Funko idalengeza kuti itaya katundu wa madola osachepera 30 miliyoni chifukwa kumusunga kudali kodula kuposa kumugulitsa. Zilipo zidole zochepa zimene zidapindulitsa eni ake, koma palibe amene adazidziwa pa tsiku logula.

Kwa wogula wokhala ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete, ku Harare kapena ku Durban, masamuwo amaipiraipira. Zidolezi zimachokera ku Asia, ndipo onyamula katundu pa ndege amalipiritsa potengera kulemera ndi kukula kwa bokosi. Kulemera komwe kumakoma m'dzanja kumawawa pa kauntala ya onyamula katundu. Katundu akafika, msonkho wa VAT, umene ku South Africa ndi 15 peresenti, ku Zambia 16 ndipo ku Britain 20, umawerengedwa pa mtengo wokwerawo, choncho madola 100 oonjezera aja amabala ana panjira. Chala chikathyoka kapena getsi likaleka kuyaka, kulibe sitolo yapafupi yosunga ziwalo zosinthira, ndipo kubweza chidole kwa wogulitsa kumafuna ndalama zina zonyamulira. Zoona, okonda zinthuzi akuchuluka m'chigawo chino. Chionetsero cha Comic Con Africa chakhala chikuchitika ku Johannesburg kuyambira 2018. Komabe msika wogulitsanso ukadali waung'ono. Mtengo umene munthu amauona pa eBay ndi wa ogula a ku America ndi ku Ulaya, ndipo kuti awafikire ayenera kuchotsapo ndalama zotumizira ndi gawo la eni msikawo.

Palinso ngozi ya kusinthasintha kwa ndalama. Zidole zodulazi kawirikawiri zimagulitsidwa zisanapangidwe: wogula amapereka chikole, n'kudikira chaka kapena kupitirira, kenako n'kumaliza kulipira katundu akatuluka. Mtengo umakhala m'madola, pamene malipiro ake ali m'makwacha, m'mameticais kapena m'marandi. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Chidole cha madola 400 chimene dzulo lake chidali makwacha 472,000 chidadzuka chili makwacha 680,000, ndalama zonyamulira ndi msonkho zisanawerengedwe. Wopereka chikole pa nthawi yotere amatsala ndi njira ziwiri zowawa, kutaya chikolecho kapena kulipira ndalama zimene sadakonzekere. Chidole chikadula kwambiri, msampha umenewu umakulanso.

Wina angatsutse kuti zonsezi ndi masamu a munthu wopanda mtima, popeza chimwemwe sichiwerengedwa ndi makina owerengera ndalama. Munthu amene adakula akuonera Voltron kapena Transformers pa wailesi yakanema ya mnansi, osatha kugula ngakhale kachidole kamodzi, akadzanyamula loboti wolemera wogula ndi thukuta lake amamva chinthu chimene wina sangachiyeze. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo ndiyo chifukwa chokhacho cholimba chogulira chidole chilichonse. Koma ikavomerezedwa, iyenera kutchulidwa ndi dzina lake. Ndalama yogulira chimwemwe ndi ndalama yodyedwa, monga ya tikiti ya mpira kapena ya nyama ya pa Khirisimasi, ndipo woidya sayembekeza kuti idzabwerera. Vuto limayamba pamene munthu akudziuza yekha, kapena kuuza mnzake wa m'banja, kuti akusunga chuma, pofuna kupeputsa mlandu wa ndalama imene akudziwa kuti sinali yoti idyedwe. Pamenepo kulemera kwa chitsulo kumathandiza bodza, chifukwa chinthu cholemera chimaoneka ngati katundu wokhalitsa, wofanana ndi malata kapena njinga.

Wina, kuchokera mbali inayo, anganene kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu okhuta, ndi kuti n'zochititsa manyazi munthu wa ndevu kuwononga madola 400 pa chidole pamene abale kumudzi akudikira feteleza ndi fizi. Mawu amenewa ali ndi mano, makamaka kwa amene ali kunja ndipo foni yawo imalira mwezi uliwonse. Komabe mlanduwu sungaikidwe pa zidole zokha. Ena amagula majezi a matimu a mpira a ku England chaka ndi chaka, ena nsapato zodula, ena amasintha foni isanakalambe, ndipo palibe amene amawatcha ana. Munthu wogwira ntchito ali ndi ufulu wosangalala ndi kagawo ka malipiro ake. Chofunika ndi dongosolo la zinthu: lendi, chakudya, sukulu, ngongole ndi udindo wa kwa abale zikhale patsogolo, chidole chidye zotsala. Chidole chogulidwa ndi ngongole yakatapila kapena ndi kadi ya banki yobweza ndi chiwongoladzanja n'chodula mopitirira muyezo, kaya chikhale chachitsulo kaya chapulasitiki.

Tsono wogula amene wakwaniritsa maudindo ake, ndipo waima pakati pa mabokosi awiri aja, ali ndi mafunso ochepa oyenera kudzifunsa. Kodi chitsulocho chaikidwa pati, m'mawondo, m'mapazi ndi m'mafupa a m'kati, kapena pachifuwa pokha kuti bokosi lilemere? Zimenezi zimadziwika poonera anthu amene adagula kale akuchimasula ndi kuchipinda, makamaka amene akhala nacho chaka chathunthu. Kodi ngwazi imene chikuimira ndi yachitsulo m'nthano yake? Kodi iye akufuna chidole chosinthasintha kaimidwe mlungu uliwonse, kapena choimika kamodzi m'kabati yagalasi? Wokonda kusinthasintha adzasangalala kwambiri ndi pulasitiki, amene salira akakandika. Kodi mtengo wonse, kuphatikizapo wonyamulira ndi msonkho, ndi wotani m'ndalama ya kwawo? Ndipo funso lomaliza, limene limaweruza onse: atauzidwa lero kuti chidolecho sichidzagulitsika ngakhale theka la mtengo wake, kodi angachigulebe?

Woyankha kuti inde pa funso limeneli agule ndi mtima woyera, achotsemo mabatire, achiteteze ku dzuwa ndi chinyezi, ndipo achiimike pamene maso ake adzachiona tsiku ndi tsiku. Loboti mmodzi wachitsulo wopangidwa mwaluso angamusangalatse zaka zambiri kuposa khumi ogulidwa mothamanga. Woyankha kuti ayi wadziwa kale kuti chimene amafuna si chidole, ndi phindu, ndipo phindu alifunefune kumene limapezeka. M'Chichewa liwu lakuti kulemera limanena za thumba la chimanga lovuta kusenza, limanenanso za munthu wachuma. Otsatsa malonda a diecast sadziwa Chichewa, koma amadalira chisokonezo chomwecho m'maganizo a wogula. Chitsulo cha m'chidole chimapereka kulemera koyambako, ndipo nthawi zina chimakupereka bwino kwambiri. Kwachiwiriko sichidalonjezepo aliyense.